Tidikire Kaka

Akuluakulu awiri amene Tabawa anawatuma kukafunsira mbeta kwa Malam Ilu, telala wa pafupi ndi mzikiti, anabwerako milomo ili psuu ndi goro, mtedza wowawa wolandirira alendo, amene anatafuna komweko. Yankho lonse limene anabwera nalo linali mawu awiri okha.

"Akuti tidikire kaka."

Tabawa anathokoza Mulungu, nawapatsa mafuta a mtedza kuti akapatse akazi awo. Panalibe chodandaulitsa. Mvula inali itangoyamba kumene, ndipo ndani amamangitsa ukwati nkhokwe zili pululu? M'chilankhulo chathu kuno, kaka ndiyo nyengo yokolola, pamene mchewere wauma, mitolo ikulowa m'mudzi pamsana pa abulu, ng'oma za maukwati zikulira uku ndi uku. Munthu aliyense wamutu wabwinobwino akanamva choncho.

Mbetayo inali Uwani, chitsirizira cha Ilu. Mnyamata anali Sallau, mwana wa mlongo wake wa Tabawa. Bambo a Sallau anapita kumwera kukagwira ganyu wa chilimwe chimodzi chokha mwanayo akukwawa, ndipo chilimwe chakecho mpaka lero sichinathe. Mayi ake anakwatiwa kutali. Tabawa, amene analowa m'banja kawiri osaona mwana, anamutola namulera ndi mafuta a mtedza amene ankayenga n'kumagulitsa pakhomo. Tsopano Sallau anali wandevu, ndipo anzake ankamukopa kuti kumzinda wa Ibadan ntchito ili mbwee.

"Gwaggo," anatero Sallau tsiku lina, monga mwana aliyense amaitanira azakhali ake, "ine chondisunga m'mudzi muno ndi Uwani. Akandipatsa, ndikhala. Akandikaniza, lole ya mtedza ikadzanyamuka ndidzakwera nawo."

"Ndiye ine ndine chitsa eti?"

"Si choncho, Gwaggo."

"Ndi choncho kumene. Idya, chizizira."

Anamudzudzula choncho, koma mumtima munali mantha enieni. Tabawa ankadziwa kuti amuna a magazi amenewa akakwera lole sabwerako.

Chaka chimenecho Sallau analima mpaka manja anachita matuza. Anamanga chipinda chatsopano, nachizira bwinobwino, naika chitseko cha malata. Mvula inatha, mphepo ya fumbi inayamba, mchewere unadulidwa, nkhokwe zinadzaza mpaka kukamwa. Tabawa sanafunenso kutuma anthu oti azikangotafuna goro. Anafunda mpango wake wabuluu napita yekha.

Ilu ameneyu anali munthu woti ukamupatsa moni amayamba waufunsa moniwo kumene unachokera. Anthu ankadikira mikanjo yawo mpaka chikondwerero kudutsa, iye ali kalikiliki kufotokoza chifukwa chake singano imatchedwa singano. Tabawa anakulira naye limodzi, ndipo ali ana anamugogodapo ndi chipande pamutu chifukwa cha pakamwa pomwepo. Anamupeza m'chipinda cha pachipata akupalasa makina, wailesi ikulankhula yokha pambali pake.

Atatha kufunsana za tulo, za kutopa, za ana ndi za mphepo, Tabawa anati, "Malam, kaka ija ndi imeneyi. Tchulani tsiku."

Ilu anaimitsa makina, naduladula ulusi ndi mano mosafulumira.

"Kaka yake iti?"

"Tulukani panja muone. Ngakhale nkhuku zakhuta."

"Aa, mukunena za mchewere. Kodi ine ndinatchulapo mchewere? Ndinati tidikire kaka. Uwani ali ndi kaka wake, mayi anga ondibereka. Dzina lake lenileni ndi lawo, Kande; la Uwanili n'longomuitanira. Mwana angakwatiwe mwini dzina palibe?"

Tsoka la chilankhulo chathu lili pamenepa. Kaka ndi nyengo yokolola, inde, koma kaka ndi agogonso, ndipo lilime silisiyanitsa ngakhale pang'ono. Anthu akhala akulankhula mawuwa chiyambire osapunthwa nawo, chifukwa palibe amene amadikira agogo ndi chikwakwa m'manja. Panafunika Ilu kuti mawu abwinobwino asanduke msampha.

Ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti gogo Kande, mayi ake a Ilu, sangabwere. Zaka zapitazo Ilu anagumula nkhokwe yakale imene malemu bambo ake anaumba ndi manja awo, kuti akulitse chipinda chosokeramo. Gogo Kande anamanga katundu tsiku lomwelo n'kupita kwa mwana wawo wamkazi ku Gidan Barau, atalumbira kuti phazi lawo silidzapondanso pakhomopo.

"Malam," anatero Tabawa, akumeza malovu kuti mawu atuluke aulemu, "miyezi yonseyi mumationa tikukonzekera. Chitseko cha malata chija chinadutsa pamphuno panu pompano. Osanena bwanji?"

"Palibe anandifunsa. Komatu funso lanu ndi labwino. Mukudziwa kuti mawu awiriwa ndi amodzi kuchokera kumizu? Ine ndalingalira kwambiri. Makolo anayamba kutchula agogo kuti kaka. Kenako ataona nyengo imene imangopatsa osamenya mwana, anati nayonso ndi kaka. Ena amati ayi, inayamba ndi nyengo, chifukwa mapesi ouma ukamawathyola amalira kuti ka, ka, ndiye mafupa a nkhalamba..."

"Ilu."

"Ndipo kaka si kudula kwenikweniko. Kudula kuli ndi dzina lake. Anthu amasokoneza."

Tabawa anadzuka. Chipande chikanakhala pafupi, akanabwereza za kale zija.

M'mawa mwake ananyamuka wapansi kupita ku Gidan Barau, ulendo woti ukachoka dzuwa likutuluka umafika lili pamutu. Fumbi linamulowa m'mano, zidendene zinang'ambika. Anapeza gogo Kande atakhala pamphasa akuswa mtedza, kankhalamba kochepa thupi koma pakamwa pake pali moto.

"Ndani ameneyo? Tabawa wa mafuta? Wakalamba bwanji iwe. Wakutuma ndani, chitsiru changa chija?"

"Sanandituma, Inna," anayankha Tabawa, powaitana mayi monga timaitanira kuno. "Ndabwera ndekha. Uwani akufuna kukwatiwa, koma akuti adikire kaka."

Gogoyo anaseka mpaka kutsokomola. "Tsopano ndakhala kaka? Pogumula nkhokwe ya mwamuna wanga ndinali chiyani, chiswe? Ukudziwa chifukwa chake amatitcha kaka ife? Amatikumbukira kamodzi pachaka, njala ikawapweteka. Ukamuuze choncho, poti amakonda mizu ya mawu."

"Inna, za mawu zandikwana. Mwana wanga athawa."

"Mwana wako si amene anagumula nkhokwe. Ine sindikulimbana naye. Imwa madzi uzipita, dzuwa lingakuthere."

Tabawa anabwerera, nakatula uthengawo kwa Ilu. Iye anamvetsera mutu uli pambali ngati akumva nkhani za pawailesi.

"Kamodzi pachaka, eti? Maganizo abwino, koma sakugwirizana ndi mizu. Anaonda?"

"Chiyani?"

"Mayi. Anaonda? Chifuwa chawo chija chinatha?"

"Pitani mukaone nokha."

"Anachoka okha ndi miyendo yawo, abwerenso okha ndi miyendo yawo." Anapalasa makina pang'ono, kenako anatulutsa kamtolo pansi pa tebulo. "Mukamapitanso mutenge malaya awa. Anatsala, mwini wake sanabwere kudzatenga. Musanene kuti achokera kwa ine."

Tabawa anatambasula malayawo. Anali a munthu wochepa thupi, osokedwa mosamala kuposa chilichonse chimene Ilu anasokerapo munthu wolipira. Apa m'pamene anazindikira, ndipo anakwiya koopsa. Bambo wamkulu, waimvi m'ndevu, ankafuna mayi ake. Koma m'malo moyenda ulendo wa theka la tsiku n'kukagwada, anakola ukwati wa ana a eni ngati nyambo, n'kumayendetsa mzimayi wa zidendene zong'ambika.

Anapitabe. Akanatani? Gogo Kande anatembenuza malayawo kunsi, nayang'anitsitsa msoko.

"Wokhota. Chiyambire ali mwana sanasokepo chowongoka." Anawapinda bwinobwino n'kuwakhalira, kuti wina asawatenge. "Tamvera, Tabawa. Iyeyo akuti akudikira kaka. Unayamba waona kaka ikulowa yokha m'nkhokwe? Munthu amapita kumunda, n'kuwerama, n'kusenza. Ukamuuze."

"Inna, inu ndi mwana wanu ndinu amodzi. Nonse mukufuna kupambana, koma amene akutha ndine."

"Ndiye ndani anakuuza kuti ulere mwana wamwamuna?"

Pamene Tabawa ankafika kwawo madzulo, anapeza Sallau atakhala pakhomo pa chipinda chake chatsopano, akusoka chingwe cha thumba. Maukwati atatu anali atachitika kale m'mudzimo, ndipo anyamata pabwalo ankamutcha mkamwini wa kaka. Akadutsa, wina ankafunsa kuti, "Yapsa kodi, kapena akadali kutafuna mtedza?"

"Lole ikubwera mawa, tsiku la msika," anatero osakweza maso. "Msika ukatha, inyamuka."

"Dikira pang'ono, mwana wanga."

"Ndadikira dzinja lonse, Gwaggo. Munthu amene akufuna kukupatsa mwana wake sachita nawe masewera otere. Ndasanduka choseketsa."

Tabawa anafuna kumuuza kuti nkhaniyi si ya iye konse, kuti ndi ya nkhokwe imene inagumulidwa iye ali kamnyamata. Koma ponena, zinamveka zopusa kwambiri moti ngakhale iye mwini sanazikhulupirire.

Kutacha, anthu akuchokera kokaswali ku mzikiti, Tabawa anali kale pachipata pa Ilu. Sanafunse za tulo kapena za mphepo. Ananena mawu a gogo Kande monga anawamvera.

Ilu anagwedeza mutu mosangalala. "Waona? Nzeru zimenezi ndinatengera kwa iwo. Komabe pali vuto. Chimene chimasenzedwa ndi mtolo, si kaka. Kaka ndi nyengo, ndipo nyengo imabwera yokha. Ndiye ngati titsate..."

Tabawa anatambasula dzanja n'kuzimitsa wailesi. Kenako anakhala pansi, pafumbi pomwepo, pakati pa zidutswa za nsalu.

"Iwe Ilu, tandimvera, ndipo ukandidula ndikuswa makinawa. Mawu amene ukuseweretsawa, iwe ana a ana ako amakuitana nawo tsiku ndi tsiku mpaka umawathamangitsa kuti akusokosera. Mayi ako ali nawo mpaka akuwakana. Ine palibe anandiitanapo kaka. Ngakhale kamodzi. Amuna awiri anandibweza kwathu ngati mphika wobooka. Mulungu anandiponyera kamwana kamodzi ka mlongo wanga, ndipo ndakhala ndikudikira kuti tsiku lina kakwatire, kabereke, wina adzandikoke nsalu n'kundiitana dzina limenelo ndisanafe. Lero madzulo akukwera lole. Bambo ake anakwera lole yomweyo. Iwe ukufuna mayi ako, aliyense akuona, ngakhale mbuzi zikudziwa. Pita ukawatenge. Usandilande mwana chifukwa ukuopa kugwada."

Kwa nthawi yoyamba chibadwire, mawu anamuthawa Ilu. Anayang'ana khoma la chipinda chake, pamene kale panali nkhokwe.

"Akandithamangitsa?" anafunsa motsitsa.

"Akuthamangitse. Ndi mayi ako."

"Ndekha sindingathe. Tipite tonse."

Tabawa anatukwana chamumtima, koma anavomera. Ilu akukabwereka ngolo ya bulu, iye anathamangira kunyumba.

"Sallau, wavomera. Tikukatenga gogoyo. Tifika msika usanathe. Usakwere."

"Ndamva, Gwaggo," anatero Sallau. Ankanola nkhwangwa, ndipo sanasiye kunola.

Bulu amene Ilu anabwereka anali wokalamba ngati mwini wake, ndipo ankaima pamtengo uliwonse. Ilu, mantha atamugwira, anayambanso kulankhula. Njira yonse ankayeseza mawu opepesera n'kumawakana yekha. Kunena kuti "ndinalakwa" kunali kolemera kwambiri, chifukwa nkhokweyo inali itayamba kale kung'aluka. Kunena kuti "pepani" kunali kopepuka kwambiri, chifukwa amatero ngakhale munthu akakuponda phazi. Tabawa anangoyang'ana dzuwa.

Atafika, gogo Kande anali atavala malaya aja. Anayang'ana mwana wawo kuyambira kuphazi mpaka kumutu.

"Mlendoyu ndani?"

Ilu anavula nsapato, nagwada pafumbi. Mawu onse amene anakonza m'njira anauluka. Anangoti, "Inna," n'kuyamba kulira ngati mwana wotayika pamsika.

Gogoyo anamusiya alire kanthawi. Kenako anamugwira khutu, nalipotokola pang'ono, ndipo nawonso misozi inatsika. Tabawa anapukuta m'maso mwake, nati mumtima, zatha, tiyeni tizipita.

Zinali zisanathe. Gogo Kande anati mwana wawo sangachoke osadya, ndipo nkhuku yake inali isanagwidwe. Nkhuku itadyedwa, anati sangasiye mbuzi zawo ziwiri kwa mkamwini wakuba uja. Mbuzi zinali kudambo. Mbuzi zitabwera, panabuka nkhani ya mtondo, ngati ukwere ngolo kapena utsale. Kenako anayenera kutsazika nyumba iliyonse ya m'mudzimo, ngakhale ya mzimayi amene sankalankhulana naye, kuti aone ndi maso ake kuti mwana wabwera kudzawatenga.

"Inna, dzuwa," ankatero Tabawa. "Chonde, dzuwa."

"Lakhala likulowa chiyambire, silinayambe lero. Iwe Ilu, unanena kuti ndinalakwa kapena unangolira?"

"Kulirako ndi kunena komwe, Inna. Ndipotu mawu akuti kulakwa..."

"Nena."

Anakangana za zimenezo ngolo ikuyenda, gogo ali pamwamba pa katundu, mbuzi zikulira kumbuyo, bulu akuima pamtengo uliwonse. Tabawa anatsika n'kumakankha ngoloyo ndi manja ake. Mayi ndi mwana sanaone n'komwe. Anali atayamba kukambirana za pamene adzaumbe nkhokwe yatsopano, ndipo anali osangalala kwambiri.

Analowa m'mudzi dzuwa litafiira. Pamsika panali patatsala agalu ndi makoko a nzimbe, ndi mzimayi mmodzi akusesa. Pansi pa mtengo wa bwemba, pamene lole imaima, panali mafuta akuda odontha pamchenga. Tabawa sanafunse munthu. Anasiya ngolo pamsewu n'kuthamanga, mpango uli m'manja.

Pakhomo pake panali posesedwa bwino. Mitsuko yonse inali yodzaza madzi. Kukhoma kunali mulu wa nkhuni zowaza, wautali kufika m'chifuwa, zokwanira kuyengera mafuta mpaka mvula. Chitseko cha malata chinali chotseka. Anachikankha. Khasu linali litapachikidwa pamtanda, koma mphasa ndi thumba panalibe.

Anakhala pakhomo pa chipindacho. Sanalire msanga. Choyamba chinali mkwiyo, woti akanatha kuyatsa mudzi wonse. Anakwiyira Ilu ndi lilime lake, anakwiyira gogo ndi mbuzi zake, anakwiyira bulu, anakwiyira Sallau amene anawaza nkhuni zonsezi m'malo modikira pang'ono pokha. Anali atayenda mpaka zidendene kutuluka magazi kumanga nyumba ya eni, ndipo nyumba ya eniyo tsopano inali yodzaza, phokoso lake linkamveka mpaka pano.

Kunja kunamveka kuodira kwa mawu aang'ono. Analowa Uwani, atasenza mbale yovundikira, akupuma mofulumira. Mtsikana wofunsiridwa salowa pakhomo pa apongozi ake chisawawa, koma lero manyazi anali atamuthawa, nkhope yonse ili mwee.

"Gwaggo, agogo andituma ndi chakudyachi. Ndipo Baba akuti Lachisanu likubwerali, akatuluka mu mzikiti. Akuti ndinene bwinobwino kuti pasakhale kusamvana. Lachisanu lenileni, la sabata ino." Anaseka, nasuzumira kuchipinda chatsopano chija, natsitsa mawu. "Alipo?"

Tabawa anamuyang'ana mwanayo. Anali atadzikongoletsa kale ndi wanja wakuda m'maso.

"Tula mbaleyo, mwana wanga," anatero, akusendera kuti amupatse malo. "Bwera ukhale apa pafupi ndi ine."